Musanasaine kalata yopuma pa ntchito msanga: zoti muwerengere inu a ku Mulanje ndi Thyolo amene muli kunja

Ambiri mwa anthu a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amene anapita ku Joni, ku United Kingdom kapena ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tsopano adutsa zaka 50, ndipo maganizo obwerera kumudzi nthawi yopuma isanakwane sakuwapatsa tulo. Ena thupi latopa ndi ntchito za usiku zosamalira okalamba, ena kampani ikuchepetsa anthu ndipo yalonjeza ndalama kwa amene avomere kuchoka okha, pomwe ena makolo akalamba ndipo pakhomo palibe wowayang'anira. Zifukwa zonsezi n'zomveka, koma sizikuyankha funso limene likufunika kuyankhidwa ndi pensulo ndi pepala, lakuti kuyambira mwezi umene malipiro adzasiye kubwera mpaka tsiku lodzatsikira kulichete, mudzakhala mukulandira ndalama zingati mwezi uliwonse, za dziko liti, ndipo zidzachokera kuti.

Chimene chimasokoneza anthu ndi ndalama zolandira kamodzi zija, chifukwa zikasinthidwa kukhala makwacha zimafika mamiliyoni ambiri amene munthu sanawagwirepo chibadwire. Tiyeni tingoyerekeza kuti mwapatsidwa R600,000 muli ndi zaka 55, ndipo Mulungu wakusungani mpaka zaka 80. Zaka 25 zimenezo ndi miyezi 300, kutanthauza kuti ndalama zonse zija ndi R2,000 yokha pamwezi, musanachotsepo ya malata, ya galimoto, ya fizi ya ana kapena ya maliro. Munthu amene wawerengera motere amayamba kuona kuti zaka zisanu zopirira pa ntchito zimathandiza pawiri, popeza zimawonjezera zomwe zili m'thumba la penshoni komanso zimachepetsa zaka zodya za m'thumbamo.

Kwa amene ali ku South Africa, chinthu choyamba kuchimvetsa ndi chakuti kusiya ntchito mwa kufuna kwanu ndi kupuma pa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana pamaso pa SARS, bungwe lotolera misonkho la kumeneko. Mathumba ambiri a penshoni amalola munthu kupuma kuyambira zaka 55. Wopuma motero sadulidwa msonkho pa R550,000 yoyamba ya ndalama zolandira kamodzi, pomwe wongosiya ntchito n'kutenga ndalama zake amamusiyira R27,500 yokha, ndipo zotsalazo zimayamba kudulidwa 18 pa 100 iliyonse. Pa R400,000, wosiya ntchito ali ndi zaka 54 ataya pafupifupi R67,000 ku msonkho, ndalama imene akanaipulumutsa yonse akanadikira miyezi yochepa, bola ngati sanatapeko penshoni m'mbuyomu, chifukwa SARS imaphatikiza zonse zimene munthu watengapo pa moyo wake. Wosiya yekha ntchito salandiranso UIF, ndalama zothandiza amene ntchito yawathera. Ngati kampani ikuchepetsa anthu, lamulo limati wochotsedwa alandire malipiro a sabata imodzi, kapena kuposerapo, pa chaka chilichonse chimene wagwira, choncho musalole kuti bwana akulembetseni kalata yosiya nokha pamene amene akufuna kuti muchoke ndi iyeyo.

Kuyambira pa 1 Seputembala 2024, zimene munthu amasonkha ku penshoni ku South Africa zimagawidwa m'miphika iwiri. Gawo limodzi mwa magawo atatu limapita mu mphika umene mungatapemo kamodzi pachaka, koma limadulidwa msonkho ngati malipiro wamba, ndipo magawo awiri otsalawo amatsekeredwa mpaka nthawi yopuma. Amene akhala akutapa chaka chilichonse kuti atumize ya feteleza kumudzi adziwe kuti akudya ndalama zomwezo zimene akuyembekeza kudzalandira popuma. Musadalirenso ndalama za okalamba za SASSA, bungwe la boma lopereka thandizo kwa ovutika, popeza zimayamba pa zaka 60 ndipo zimaperekedwa kwa nzika, kwa okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi kwa othawa kwawo amene akukhala m'dzikomo, osati kwa munthu amene wabwerera ku Luchenza. Ndipo abale athu ambiri amene akugwira m'nyumba, m'magadeni ndi m'mashopu popanda penshoni ina iliyonse, penshoni yawo ndi zokhazo zimene asunga ndi kumanga, kotero kwa iwo kuwerengera kumeneku n'kofunika kuposa kwa wina aliyense.

Ku United Kingdom nkhani yagona pa zaka. Penshoni ya boma imayamba pa zaka 66, ndipo pakati pa 2026 ndi 2028 msinkhuwu ukukwera kufika pa 67. Sangaipereke msanga ngakhale mutadandaula motani. Kuti mulandire yathunthu, imene m'chaka cha 2025/26 inali £230.25 pa sabata, pamafunika zaka 35 zosonkha National Insurance, ndalama zimene ogwira ntchito amadulidwa pa malipiro kupita ku boma, ndipo wosakwanitsa zaka 10 salandira kanthu. Munthu amene anafika kumeneko mu 2004 n'kusiya ntchito atasonkha zaka 21 adzalandira pafupifupi magawo atatu mwa asanu a ndalamayo. Koma chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti penshoni imeneyi, ngakhale imatumizidwa kulikonse, siikwezedwa chaka ndi chaka kwa munthu wokhala ku Malawi, chifukwa dziko lathu silili m'gulu la mayiko amene ali ndi mgwirizano wotero ndi Britain. Ndalama imene mudzayambe kulandira muli ku Chitakale ndi yomweyo imene mudzakhale mukulandira patapita zaka 15, pomwe mnzanu amene watsala ku Leeds yake ikukwera Epulo aliyense.

Penshoni ya kuntchito ndiyo imatengeka msanga, kuyambira zaka 55, ngakhale kuti kuyambira pa 6 Epulo 2028 msinkhuwu udzakhala 57, ndipo kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo anayi silidulidwa msonkho. Anamwino ndi ena a mu NHS, zipatala za boma za kumeneko, akumbukire kuti penshoni yawo ili ndi zigawo za 1995, 2008 ndi 2015, chilichonse ndi msinkhu wake wopumira, ndipo akaitenga msanga imachepetsedwa kwa moyo wonse, osati kwa zaka zochepa zokha. Pemphani kuti akulembereni ndalama zimene mungalandire pa zaka 55, pa 60 ndi pa 67, muziike pamodzi n'kuziyang'ana. Ku America nakonso n'chimodzimodzi. Penshoni ya boma ya Social Security imafuna pafupifupi zaka 10 zosonkha, ndipo wobadwa mu 1960 kapena pambuyo pake akaitenga pa zaka 62 m'malo mwa 67 imachepa ndi 30 pa 100 iliyonse mpaka kalekale. Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, imayamba pa zaka 65 ndipo silipira chipatala cha ku Malawi.

Mapepala okhalira m'dziko nawonso amatha munthu akachoka. Chilolezo chokhazikika cha ku United Kingdom chimafa mukakhala kunja zaka ziwiri zotsatizana, cha ku South Africa chikhoza kulandidwa mukapitirira zaka zitatu, ndipo green card ya ku America imakhala pa chiswe mukadutsa chaka. Amene viza yawo inamangirizidwa kwa owalemba ntchito, tsiku losiya ntchito ndilo chiyambi cha kutha kwa viza. Popeza Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo mu 2018 kuti Mmalawi azitha kukhala nzika ya mayiko awiri, amene watsala pang'ono kuyenerera unzika wa kumene ali angachite bwino kuyamba wamaliza zimenezo, kuti zikadzavuta kumudzi khomo lobwerera lidzakhale lotsegula.

Tsopano tifike kumudzi, kumene mitengo ya zinthu imene ili m'mutu mwa munthu wa kunja nthawi zambiri imakhala ya chaka chimene anachoka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi wokha. Amene anali atasintha penshoni yake yonse kukhala makwacha miyezi yochepa izi zisanachitike anadzuka ndalama zake zitachepa mphamvu asanagule kanthu. Pa chifukwa chimenechi, ine ndimaona kuti penshoni yobwera mwezi ndi mwezi mu ndalama zakunja, ngakhale ioneke yaing'ono, imaposa mulu wa makwacha wogona ku banki. Sinthani zokhazo zimene mukufuna kugwiritsa ntchito, ndipo funsani ku mabanki a kuno za akaunti zosungira ndalama zakunja mudakali kumeneko.

Za chipatala zisakupezeni modzidzimutsa. Zaka zimene mukufuna kupumazi ndi zomwenso shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayamba kuvuta. Zipatala za boma za pa Mulanje ndi pa Thyolo n'zaulere koma mankhwala sapezeka nthawi zonse, za mishoni monga Mulanje Mission ndi Malamulo ku Makwasa zimalipiritsa, ndipo matenda aakulu monga a impso ofuna makina otsukira magazi amakufikitsani ku Queens ku Blantyre. Wochoka ku United Kingdom kudzakhazikika kuno amataya mwayi wa thandizo laulere la NHS, chifukwa limaperekedwa potengera kumene munthu akukhala, osati zaka zimene anasonkha. Funsani ku MASM kapena ku sikimu ina ya zaumoyo ngati amalandira munthu wa msinkhu wanu, ndi matenda amene muli nawo kale, musanalembe kalata yopuma.

Nkhani ya malo ndi imene yasweka nayo mitima ya matchona ambiri a kwathu kuno. Maboma athu awiriwa ndi opanikizana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo lokha, pomwe nthaka yabwino yambiri ili m'manja mwa maesiteti a tiyi ndi makadamiya, ndipo mpake kuti pulogalamu ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja ambiri a kuno kupita ku Machinga ndi ku Mangochi. Munda umene munausiya wina wakhala akuulima zaka 20, ndipo sangausiye chifukwa choti mwatsika basi. Komanso kuno n'kwa chikamwini. Bambo amene wamanga nyumba ya njerwa zowotcha pa malo a kuchikazi wamangira mkazi ndi ana ake, zimene si zoipa, koma banja likatha kapena mayi akatsogola, iye akhoza kuuzidwa kuti abwerere kwawo ali ndi zaka 65. Akakamanga kwawo, malowo ndi a alongo ake ndi ana awo. Njira yodalirika ndi kugula puloti m'dzina lanu, amfumu, mwinimbumba wa banja logulitsalo ndi mboni zina alipo, zonse zitalembedwa, kenako n'kutsatira ndondomeko yolembetsa malo ku ofesi ya za malo ya pa boma. Musagule pa foni. Ndipo pokumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, puloti ya m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, pamene madzi ndi miyala zinadutsa, siyoyenera kuikapo penshoni ngakhale itatchipa bwanji.

Ambiri amanena kuti akafika adzachita bizinesi kapena ulimi, ndipo n'zotheka, koma bizinesi imene sinayambe siyenera kuwerengedwa ngati malipiro. Tiyi ndi makadamiya zimatenga zaka zingapo zisanabweretse ndalama, matenda a chisaka anatha nthochi zimene Thyolo ankatchuka nazo, ndipo minibasi ya pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza imafuna mwini wake tsiku lililonse. Ngati chigayo, nyumba za lendi pa Bvumbwe kapena ng'ombe za mkaka zilidi gawo la dongosolo lanu, ziyambeni mudakali pa ntchito ndipo muone kwa zaka ziwiri kapena zitatu zimene zimatsala mukachotsa zonse zolowa. Pa bajeti yanu muikeponso abale, chifukwa walira mvula walira matope: amene ankakupemphani kamodzi pamwezi pa WhatsApp adzakhala akufika pakhomo m'mawa, ndipo pa maliro, pa chinkhoswe ndi pa msonkhe wa kutchalitchi maso adzakhala pa inu. Kambiranani ndi akazi anu kapena amuna anu poyera, pakuti si kawirikawiri kuti onse awiri afune kubwerera nthawi imodzi, makamaka ana akadali pa sukulu kumeneko.

Pakati pa kupitiriza monga kale ndi kusiyiratu pali njira zina, monga kuchepetsa masiku ogwira ntchito, kusiya mashifiti a usiku, kapena kusiya ntchito koma osakhudza penshoni mpaka msinkhu wake utakwana. Ngati mungapeze tchuthi chachitali, bwerani mudzakhale miyezi iwiri kapena itatu pakati pa Januwale ndi Malichi, osati pa Khrisimasi kapena pa Mulhako pokha, ndipo muzidya ndalama yokhayo imene penshoni idzakupatseni pamwezi, mukulemba zonse zimene mwagula.

Mukatsimikiza zochoka, sonkhanitsani mapepala mudakali komweko, pakuti tonse tikuwadziwa agogo amene anagwira m'migodi kudzera ku Wenela ndi Teba, ndipo mpaka lero akuyendabe kulondola ndalama zawo opanda nambala kapena kalata yosonyeza kumene ankagwira. Lembani dzina la thumba lililonse la penshoni limene munasonkhako ndi nambala yanu ya umembala, sungani makalata a msonkho ndi a malipiro, ndipo ngati munasinthasintha ntchito ku South Africa, fufuzani ku FSCA, bungwe loyang'anira mathumba a penshoni, ngati pali ndalama zanu zimene zikungokhala. Konzaninso fomu yotchula amene adzalandire inu mukadzamwalira, siyani akaunti imodzi ya kumeneko ili yotsegula ngati banki ikulola, ndipo apatseni a penshoni adiresi ndi imelo zodalirika, chifukwa nthawi ndi nthawi amatumiza fomu yotsimikiza kuti mudakali moyo, ndipo ikapanda kubwezedwa pa nthawi yake amaimitsa malipiro.