Mmene mungayezere kutentha kwa thupi la ana a makoswe usana ndi usiku

Khoswe wamkulu amagona masana n'kumayendayenda usiku, ndipo thupi lake limatsatira zomwezo: kukada limatentha ndi digiri pafupifupi imodzi kuposa masana. Ana ake ndi nkhani ina. Amabadwa opanda ubweya, maso ali otseka, akulemera magalamu 5 kapena 6, ndipo sangathe kusunga kutentha paokha. Mukachotsa kamwana kamodzi pachisa, pakangopita mphindi zochepa kazizira kale. Vuto la ntchitoyi lagona pamenepa, chifukwa kungokagwira kokhako kumasintha chimene mukufuna kuyeza.

Musanayambe, pezani chilolezo ku komiti yoona za kasamalidwe ka nyama pa kafukufuku. Kenako konzani chipinda: magetsi aziyaka maola 12 n'kuzima maola 12, ndipo izi ziyambe khoswe wamkazi akadali ndi bere, lomwe limatenga masiku 21 mpaka 23. Polowa usiku muzigwiritsa ntchito getsi lofiira losawala kwambiri. Foni isiyeni panja, kuwala kwake kumasokoneza.

Ine ndimakonda thermocouple (waya woyezera kutentha) yopyapyala, yofewa, yopaka mafuta pang'ono, yolowetsa kothako. Pamene mwalowetsera lero mulowetsenso pomwepo mawa, apo ayi manambala anu sagwirizana. Tiana tonse tilembeni chizindikiro kumchira, ndipo muzisintha kamene mukuyambira, poti kotsiriza kamakhala katadikira nthawi yaitali. Yezani maola awiri kapena atatu alionse kwa masiku osachepera awiri. Tsiku limodzi silikuuzani kanthu.

Kuti mudziwe mmene thupi likugwiritsira ntchito chakudya, ikani kamwanako m'kabotolo kodutsa mpweya, kali m'madzi omwe mukudziwa kutentha kwake, n'kuyeza okosijeni amene akutha. Lita imodzi ya okosijeni ndi mphamvu pafupifupi 20 kJ (kilojoule, muyeso wa mphamvu). Samalani ndi madziwo. Akafika cha m'ma 35°C, kamwana kongobadwa kumene sikafunika kudziotha, ndiye simuona zambiri. Tsitsani pang'ono kuti mafuta a bulauni, amene ali pakati pa mapewa, ayambe kutulutsa kutentha. Mukatsitsa kwambiri kangozizira basi.

Tsono pali funso limene ambiri amalithamangira. Mayi amayamwitsa kwambiri masana, usiku n'kumachoka kukadya. Mukaona kutentha kwa ana kukukwera ndi kutsika, mudziwa bwanji kuti ndi wotchi ya m'thupi mwawo, osati kubwera ndi kuchoka kwa mayiyo? Njira yake ndi kuwalera popanda mayi. Wofufuza wina, W. G. Hall, anaifotokoza mu 1975: kamwana kalikonse kamakhala m'kapu yakeyake yoyandama pamadzi ofunda, mkaka n'kumalowa m'mimba kudzera m'kachubu. Ofufuza ena awiri, Ingrid Schmidt ndi Barbara Nuesslein, ku Bad Nauheim m'dziko la Germany, analera ana motere, mkaka ukulowa mofanana usana ndi usiku, ndipo anapeza kuti tsiku lililonse pamakhala nthawi imene thupi limazizira ndithu, n'kumagwiritsanso ntchito okosijeni wochepa. Kamwanako kamachita ngati kazimitsa mbaula kwa maola angapo kuti kasunge makala, mphamvuyo ipite ku kukula ndi mafuta a m'thupi. Kwa ine, amene wayeza ana ali ndi mayi wawo yekha asafulumire kunena za wotchi ya m'thupi.

Kulera motere n'kotopetsa. Tiana timeneti sitikodza tokha, muyenera kutisisita pamimba ndi thonje lonyowa monga amachitira mayi ndi lilime, komanso kutiyeza sikelo tsiku lililonse kuti muwonjezere mkaka.

Polemba zotsatira, musaphatikize ana a misinkhu yosiyana. Maso amatseguka cha pa tsiku la 14, kuyamwa kumatha cha pa tsiku la 21, ndipo pofika pamenepo ubweya wamera, kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kuja kwazilala, kachitidwe ka khoswe wamkulu kayamba kuoneka. Nthawi muziiwerenga kuyambira pamene magetsi ayaka, ndipo ana a mayi mmodzi muwatenge ngati gulu limodzi powerengetsa.