Mmene mungajambulire filimu ya anthu amene akulimbana ndi kuipitsidwa kwa dera lawo

Utsi wakuda wotuluka pa fakitale ndi wosavuta kujambula, ndipo aliyense amene ali ndi foni angathe kutero. Chovuta ndi kuonetsa, mosasiya mpata wokayikira, kuti utsiwo kapena madzi oipa otuluka m'paipi ndiwo akufika m'zitsime, m'minda ndi m'matupi a anthu. Filimu yotere imakhala ndi oonera a mitundu iwiri: munthu wamba amene akufuna nkhani yomugwira mtima, ndi loya wa kampani amene akufunafuna pamene mwalakwitsa. Ntchito yonse muikonze mukukumbukira loyayo.

Ulendo woyamba mupite opanda kamera. Khalani nawo pa misonkhano ya eni dera, mudziwe amene akhala akulemba makalata odandaula, amene amasunga mapepala a kuchipatala, ndi amene amadziwa nthawi imene madzi a mumtsinje amasintha mtundu. Mudzapeza kuti nkhondoyo inayamba kalekale inu musanafike. Ku Flint, m'dziko la America, anthu wamba ndiwo anayamba kudandaula za fungo ndi mtundu wa madzi a m'mipope mu 2014, mzindawo utayamba kutunga madzi mumtsinje wa Flint, ndipo chaka chotsatira akatswiri anadzatsimikiza kuti m'madziwo munali mtovu, chitsulo chapoizoni. Filimu imene imaonetsa anthu otere akungolira, kwinaku katswiri wochokera kutali akulankhula m'malo mwawo, imanama ngakhale chithunzi chilichonse chitakhala choona.

Chilolezo si siginecha ya papepala yokha. Muuzeni munthu aliyense, m'chinenero chake, kumene filimuyo idzaonetsedwe, ndiponso kuti chimene chaikidwa pa intaneti sichibwezeka. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu: inu mudzanyamula katundu wanu n'kuchoka, koma iwo adzatsala moyandikana ndi fakitaleyo, mwinanso ndi kumene mwana wawo amalandira malipiro. Boma la asilikali ku Nigeria linapachika Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu mu 1995, atatsogolera anthu a mtundu wa Ogoni kutsutsa kuwonongeka kwa dera lawo ndi mafuta. Ambiri sakumana ndi zoopsa zofika pamenepo, koma kuchotsedwa ntchito ndi kuopsezedwa usiku n'zokwanira kusokoneza banja. Ngati wina wapempha kuti asadziwike, kubisa nkhope sikokwanira, chifukwa mawu ake, chitseko cha nyumba yake, ngakhale chipsera cha padzanja zikhoza kumuulula. Kumbukiraninso kuti mafoni ambiri amasunga m'chithunzi malo enieni amene chinajambulidwira.

Pojambula umboni, yambani ndi kutchula mokweza tsiku, nthawi ndi malo. Kenako jambulani osadula: kuchokera pa paipi imene ikutulutsa madzi oipa, kutsata ngalande mpaka pamene ikuthira mumtsinje, kukafika pamene anthu amatunga. Mukadula pakati, wina adzanena kuti mwalumikiza malo awiri osiyana. Bwereraninso nthawi zina, makamaka usiku ndi mvula ikangogwa, ngati eni dera akunena kuti ndi pamene zinthu zimaipa. Maikolofoni muiike pafupi ndi pakamwa pa wolankhula ndipo muitchingire mphepo, pakuti oonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma satha kupirira mawu osamveka. Zimene mwajambula muzisunge zosasinthidwa m'malo awiri osiyana, ndipo podula muzigwiritsa ntchito kope lokha.

Poizoni woopsa kwambiri nthawi zambiri saoneka. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovu udakali m'dothi ndi m'fumbi, ndipo ana ndiwo amavutika koposa chifukwa amasewera pansi n'kumaika zala m'kamwa. Kamera ikaloza pabwalo lotero imangoona ana akusewera. Apa chimene mungajambule ndi kuyeza kwenikweniko: dzanja likutapa dothi kapena madzi, botolo likulembedwa tsiku ndi malo, kutsekedwa kwake, mpaka tsiku limene kholo likuwerenga zotsatira. Funsani kaye ku labotale yovomerezeka za katapidwe koyenera ndipo mugwiritse ntchito mabotolo amene iwo akupatsani. Tapani madzi kumtunda kwa paipi ndi kumunsi kwake, chifukwa popanda kufanizira ziwirizo nambala imodzi siinena kanthu. Inunso mudziteteze, osaponda m'madziwo kapena kupuma fumbilo chifukwa chofuna chithunzi chokongola.

Malo amene ambiri amagwera ndi ponena kuti chakuti ndicho chadwalitsa wakuti. Matenda a ku Minamata, m'dziko la Japan, anadziwika mu 1956, koma boma linavomereza mu 1968 kuti anachokera ku mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, amene anali m'madzi otayidwa ndi kampani ya Chisso. Ngati zinatenga zaka 12 pamalo pamene odwala anali ochuluka chotero, wojambula filimu asathamangire kugamula. Mayi ali ndi ufulu wonena kuti mwana wake anayamba kutsokomola fakitale itatsegulidwa, pakuti ndi zimene anaona. Koma mawu anu ofotokoza nkhani afike pokhapo pamene zoyeza ndi madokotala afika, osapitirira.

Kampani imene filimu yanu ikunena ndi ofesi ya boma yoyang'anira zachilengedwe muzilembere kalata yotchula mfundo zonse zimene filimu idzanene, muzipatse nthawi yokwanira yoyankha, ndipo musunge kope la kalatayo. Zikakana kuyankha, nenani zomwezo m'filimu popanda chipongwe. Loya aone filimuyo isanatuluke, popeza makampani ena amasumira anthu mlandu woipitsa mbiri pongofuna kuwatopetsa ndi ndalama za kukhoti.

Oyamba kuionera akhale eni nkhaniyo, pamalo amene iwo asankha. Sikuti muwapatse mphamvu yochotsa chilichonse chosawakomera, koma iwo ndiwo adzakuuzani ngati mwasokoneza dzina la mtsinje, kapena ngati chithunzi china chikuika munthu pangozi imene inu simunaione. Muwasiyire kope la filimu pamodzi ndi zotsatira za ku labotale ndi zojambula zosadulidwa, mutachotsamo za amene anapempha kubisidwa, kuti akazigwiritse ntchito pokaonana ndi akuluakulu a boma kapena pokasuma kukhoti.