Kusankha batire lachiwiri la galimoto yogonamo ndi kutulutsa mpweya wake panja

Munthu amene wasandutsa galimoto monga Toyota HiAce, Volkswagen Transporter kapena Ford Transit kukhala yogonamo, naikamo bedi, kafiriji, nyale ndi potchajira mafoni, amafunika mabatire awiri. Loyamba ndi lolizira injini, ndipo ntchito yake ndi yomweyo basi. Lachiwiri ndi limene limapereka magetsi ku zonse za m'kati injini ikazimitsidwa, kuti m'mawa galimoto isakane kulira. Vuto lake ndi lakuti batire lachiwirili kawirikawiri silipeza malo kumene kuli injini, choncho limaikidwa pansi pa mpando kapena pansi pa bedi, momwemo mmene anthu amagona mawindo ali otseka. Pa chifukwa chimenechi, mtundu wa batire ndi njira yotulutsira mpweya wake ziyenera kuganiziridwa limodzi musanagule chilichonse.

Musagwiritse ntchito batire lolizira injini

Batire lolizira injini linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, kenako lidzazidwenso nthawi yomweyo. Mapuleti ake a mtovu ndi opyapyala, ndipo mukamalitsitsa usiku uliwonse ndi firiji, silitenga miyezi yambiri lisanafooke. Amene anayesapo kulumikiza batire la galimoto ku sola ya panyumba akudziwa mmene limathera msanga. Chofunika ndi batire limene ogulitsa amalitcha deep cycle kapena leisure battery, lomwe lili ndi mapuleti ochindikala ndipo limapirira kutsitsidwa ndi kudzazidwa kambirimbiri.

Mabatire otere alipo mitundu inayi yodziwika. Pali la asidi wamadzi, lija lokhala ndi zitsekerero pamwamba zothirira madzi a batire, lomwe ndi lotsika mtengo koma ndilo limatulutsa mpweya wambiri. Pali la AGM, mmene asidi amakhala atamwerera m'timikeka ta ulusi wa galasi, ndiponso la gel, mmene asidi amakhala wolimbitsidwa kuti asayende. Awiriwa satayikira ndipo sathiridwa madzi. Pomaliza pali la lithiamu la mtundu wa LiFePO4, lokwera mtengo pogula koma lopepuka: la 100 Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga) limalemera pafupifupi makilogalamu 12, pamene la mtovu la kukula komweko limafika makilogalamu 25 kapena 30. Amene ali ku Britain angathandizidwe ndi chizindikiro cha bungwe la National Caravan Council, lomwe limaika mabatire m'magulu A, B ndi C. Gulu A ndilo loyenera munthu amene amagona kawirikawiri kumalo kopanda magetsi olumikiza, pamene gulu C ndi la amene amangofuna kuyatsa nyale kwa kanthawi.

Werengani kaye zimene mumagwiritsa ntchito

Kukula kwa batire kumalembedwa mu Ah, ndipo njira yodziwira kukula koyenera ndi kulemba chipangizo chilichonse, mphamvu yake mu mawati, ndi maola amene chimayaka pa tsiku. Chulukitsani mawati ndi maola, kenako gawani ndi 12, omwe ndi mavoti a batire. Mwachitsanzo, nyale za LED za mawati 10 zikayaka maola 5 zimadya pafupifupi 4 Ah, fani ya mawati 12 yoyaka maola 8 imadya 8 Ah, mafoni awiri angadye 3 Ah, ndipo kafiriji nyengo yotentha kangathe kudya 40 Ah. Zonse pamodzi ndi 55 Ah pa tsiku.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Batire la mtovu, kaya la asidi wamadzi, AGM kapena gel, siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna kuti likhalitse. Likadzaza ndipo lapuma kwa maola angapo limaonetsa pafupifupi mavoti 12.7, ndipo likafika cha pa 12.2 ndiye kuti latsala theka. Motero munthu wodya 55 Ah pa tsiku amafunika batire la 110 Ah kuti atsirize tsiku limodzi lokha popanda kutchaja. La lithiamu mungalitsitse ndi magawo 80 kapena 90 pa 100 alionse popanda kuliwononga, choncho la 100 Ah lingamufikitse munthu yemweyo tsiku limodzi ndi theka. Ine ndingati amene amayenda kawiri kapena katatu pa chaka agule AGM, koma amene amakhala m'galimoto milungu yambiri, lithiamu ndiye amabweza ndalama zake. Ngati mwasankha kulumikiza mabatire awiri kuti muonjezere mphamvu, akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, ogulidwa nthawi imodzi, chifukwa lakale limakoka latsopano n'kulifooketsa.

Mpweya umene suoneka

Batire la mtovu likamatchajidwa, makamaka likayandikira kudzaza ndipo mavoti afika cha pa 14.4, magetsi amayamba kugawa madzi a m'kati kukhala mipweya iwiri, haidirojeni ndi okosijeni. Haidirojeni alibe mtundu kapena fungo, ndipo akangofika magawo 4 pa 100 a mpweya wa pamalopo, kuthetheka kochepa kwambiri, ngakhale kwa waya wosamangidwa bwino, kungayambitse kuphulika. Mu kabokosi kotsekeka pansi pa bedi, muyezo umenewu suchedwa kukwana ngati tchaja yaonongeka ndipo ikupitiriza kukankha magetsi m'batire lodzaza kale.

Mawu akuti sealed olembedwa pa batire la AGM kapena gel asakupusitseni. Mabatire amenewa amabweza mpweya wake kukhala madzi m'kati momwemo pamene zonse zili bwino, koma ali ndi tizitseko tachitetezo timene timatseguka mphamvu ya mpweya ikachuluka, ndipo zimenezi zimachitika batire likatchajidwa mopitirira muyezo, likatentha kwambiri kapena likakalamba. Njira yotulutsira mpweya mumaikonzera tsiku loipa ngati limenelo.

Chinthu chofunika kuchigwira bwino ndi chakuti haidirojeni ndi wopepuka kwambiri, pafupifupi ka 14 kuposa mpweya wamba, choncho amakwera n'kukasonkhana pamwamba penipeni pa bokosi. Bowo lotulukira liyenera kukhala pamalo okwera kuposa ena onse m'bokosimo, ndipo paipi yochokera pamenepo ipite mokwera mpaka kunja kwa galimoto, popanda kukhotera pansi. Bowo lachiwiri, lolowera mpweya wabwino, likhale m'munsi, nalonso lochokera panja. Mbali ya bokosi yoyang'ana kumene mumagona ikhale yotsekeka bwino, chivundikiro chake chili ndi labala m'mphepete, ndipo paliponse pamene waya wadutsa pamatidwe. Kuboola bokosi kuti mpweya uzitulukira m'kati mwa galimoto sikuthetsa vuto, chifukwa mwangousamutsira pamene pali anthu, chitofu ndi maswitchi. Bowo lakunja liikidwe kutali ndi zenera lotseguka ndiponso kutali ndi potulukira utsi wa injini kapena wa hita, ndipo likhale ndi kasefa koletsa tizilombo ndi chotchinga mvula.

Mabatire ambiri amasiku ano ali ndi njira ina yosavuta. Mukayang'ana m'mbali mwa chivundikiro, chakumtunda, mudzaona kabowo kakang'ono ngati ka udzu womwera, kawirikawiri kamodzi kumanzere ndi kena kumanja. Pa kamodzi mumalowetsapo kachigongono ka pulasitiki ndi kapaipi kopyapyala, kenako kapaipiko mumakadutsitsa pansi pa galimoto kudzera pa bowo lokhala ndi labala kuti chitsulo chisakadule. Kabowo ka mbali inayo muyenera kukatseka ndi kachitsekerero kamene kamabwera ndi batire, apo ayi mpweya udzatulukira komweko. Kapaipi aka kamaloledwa kuloza pansi chifukwa mpweya umakankhidwa ndi mphamvu ya m'kati mwa batire, pamene mpweya wa m'bokosi umangodalira kupepuka kwake kuti utuluke. Muziona nthawi ndi nthawi kuti sikanapindike, sikanazuke, ndipo kunsonga kwake sikunamatike matope.

Batire lisaikidwe m'chipinda chimodzi ndi silinda ya gasi wophikira. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi, ndipo chipinda chake chimafuna bowo la pansi. Kumuika pamodzi ndi batire ndi kuyandikizitsa chinthu choyaka ndi pamene pangathetheke moto. Momwemonso inverter (chosinthira magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba), tchaja ndi marilei (maswitchi oyendetsedwa ndi magetsi) asakhale m'bokosi la batire la mtovu. Mukamva fungo la mazira owola, kapena mukaona batire latupa kapena likutentha pogwira, zimitsani tchaja, tsegulani zitseko zonse, musayatse kapena kuzimitsa switchi iliyonse pafupi, ndipo batirelo lisagwiritsidwenso ntchito.

Batire la LiFePO4 silitulutsa haidirojeni likamagwira ntchito bwinobwino, choncho lingakhale m'kati popanda paipi, koma limafunabe mpata wozungulira kuti lisatenthe. Onetsetsani kuti lili ndi BMS, kachipangizo ka m'kati kamene kamaliteteza, ndipo lisatchajidwe kuzizira kukafika pansi pa madigiri 0, chinthu chimene chimachitika m'nyengo yozizira ku Britain ngakhalenso usiku wina wa Juni ndi Julayi ku Johannesburg. Kutentha nakonso ndi mdani wa batire la mtovu: moyo wake umafupika ndi theka pa madigiri 8 mpaka 10 alionse opitirira 25, choncho lisayandikane ndi hita kapena chitsulo chimene chimawombedwa ndi dzuwa.

Kutchaja ndi kumanga

Popeza mpweya wambiri umabadwa ndi kutchaja kolakwika, tchaja yoyenera ndi mbali ya chitetezo. Pa galimoto zakale, rilei yolumikiza mabatire awiriwo injini ikalira imakwanira kwa batire la mtovu. Galimoto zambiri zatsopano, makamaka za muyezo wa Euro 6 (muyezo wa ku Ulaya wochepetsa utsi), zili ndi alternator (chipangizo cha pa injini chotchajira batire) imene imasinthasintha mavoti, ndipo zimafuna tchaja ya DC-DC, imene imatenga magetsi a galimoto n'kuwasintha kuti ayenerane ndi batire lachiwiri. Batire la lithiamu limafunanso tchaja imeneyi pa galimoto iliyonse, kuti lisakoke magetsi ochuluka n'kupsereza alternator. Sola isalumikizidwe mwachindunji ku batire popanda regulator (kachipangizo koletsa batire kutchajidwa mopitirira muyezo), ndipo tchaja iliyonse itcheredwe molingana ndi mtundu wa batire, chifukwa mavoti oyenera AGM angathe kuononga gel.

Fuyuzi iikidwe pafupi kwambiri ndi mutu wa positive, mkati mwa masentimita 18 ngati n'kotheka, ndipo waya wolumikiza mabatire awiriwo akhale ndi fuyuzi kumbali zonse ziwiri, popeza mbali iliyonse ingathe kupereka moto waya akakhudza chitsulo. Batire limangidwe ndi lamba kapena chitsulo chomangidwa ndi mabauti odutsa pansi pa galimoto, osati pa thabwa la bedi, chifukwa pa ngozi chinthu cha makilogalamu 25 chosamangika chimathyola thabwa n'kuulukira kumene kuli anthu. Mitu yake iphimbidwe ndi tizisoti ta labala. Pogwira ntchito vulani mphete ndi wotchi, valani magalasi oteteza maso, ndipo masulani waya wa negative poyamba, kenako podzabwezera mumalizire yemweyo. La asidi wamadzi likhale choimirira mu thireyi ya pulasitiki, muzilionjezera madzi a batire okha, osati apampopi, ndipo asidi akatayikira muwazepo soda wophikira musanapukute.