Kalembetsedwe ka mayeso a sayansi olowera ku koleji

Mwafunsa momwe mungalembetsere mayeso a sayansi a m'chigawo chanu. Yambani mwawerenga chikalata cha bungwe loyendetsa mayesowo, muone ngati magiredi anu a masamu, fizikisi, kemisitiri kapena bayoloje akukwanira. Mabungwe ena amafunanso umboni woti mumakhala m'chigawocho. Kenaka lembani fomu pa intaneti. Dzina lifanane ndendende ndi la pa satifiketi, chifukwa chilembo chimodzi chokha chimatha kukubwezetsani pakhomo. Lipirani, sungani lisiti, sindikizani khadi lolowera m'holo.

Pokonzekera, mapepala a zaka zam'mbuyo ndiwo mankhwala, koma muziwalemba mukuyang'ana wotchi. Fufuzaninso ngati amachotsa malikisi pa yankho lolakwika; ngati amatero, musamangolotera. Zotsatira zikatuluka, sankhani makoleji msanga tsiku lotsekera lisanadutse.