Mmene ndinathetsera kusagwirizana kwa φ ya Euler ndi λ ya Carmichael

Nditalemba kapulogalamu koyeserera RSA, njira yobisira uthenga pogwiritsa ntchito manambala, ndi manambala a prime (ogawika ndi 1 komanso iwo eni okha basi) 61 ndi 53, omwe akachulukitsidwa amapereka 3233 (iyi ndiyo n), ndinasankha e, nambala yotsekera uthenga, kukhala 17, ndipo d, nambala yotsegulira uthenga, inatuluka 2753, chonsecho pulogalamu ina imene ndinkayerekezera nayo inkatulutsa 413.

Nditafufuza mofatsa, ndinapeza kuti powerengera d ine ndinagwiritsa ntchito φ(n) ya Euler, imene imawerenga manambala osaposa n omwe palibe nambala ina yowagawa pamodzi ndi n kupatula 1, ndipo apa ndi 60 × 52 (prime iliyonse kuchotsapo 1), kutanthauza 3120. Pulogalamu inayo inatenga λ(n) ya Carmichael, yomwe ndi m wochepetsetsa woti aᵐ asiye 1 akagawidwa ndi n, pa a aliyense wa gulu lomweli. Apa λ(n) ndi 780, nambala yochepetsetsa imene 60 ndi 52 amalowamo popanda chotsala.

Popeza λ(n) imagawa φ(n) nthawi zonse, mayankho awiriwa amatsegula uthenga molondola, pakuti 2753 kuchotsapo 413 kumatsala 2340, yomwe ndi 780 katatu. Ndinasintha pulogalamu yanga kuti iziwerengera λ(n), ndipo d yocheperayi ndiyo ndaiona yabwino chifukwa imapeputsa ntchito yotsegula uthenga.