Mtsuko wa maluwa wooneka wodula: botolo, Polyfilla ndi soda wa therere

Mitsuko ya maluwa yomwe ili m'fasho m'masitolo a ku Sandton City ndi ku Rosebank mu mzinda wa Johannesburg masiku ano ndi ija yosawala, yokhakhala, ya mtundu wa dothi kapena phulusa, yooneka yakalekale. Amayi a kwathu ogwira ntchito m'nyumba za ku Bryanston ndi Fourways amaipukuta fumbi tsiku ndi tsiku, ndipo mtengo wake amaudziwa: waukulu umodzi ndi ndalama yoti mutaitumiza pa Mukuru, kumudzi angakuimbireni foni yothokoza. Komatu chomwe chimadulitsa mtsukowo ndi khungu lake lakunja basi, ndipo khungu limenelo mutha kuliveka pa galasi lililonse pomata Polyfilla (ufa wotsekera ming'alu ya makoma) n'kupaka penti wosakaniza ndi soda, bola ligwire. Ambiri amalephera pomwepo, pa kugwiritsa.

Yambani ndi kusankha thupi. Mtundu wa galasi, maluwa ojambulidwapo kapena kukalika kwake musaziwerengere, zonsezo zikwiririka. Yang'anani kaumbidwe: mimba yaikulu, khosi lalifupi, tsinde loti likhale osagwedera. Mitsuko yagalasi yakale imapezeka motchipa m'mashopu a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito monga ya Hospice Wits ku Orange Grove, yatsopano yotsika mtengo ili ku Dragon City ndi ku China Mall, ndipo botolo lalikulu la mayonezi kapena la vinyo nalonso limachita. Mukafuna msinkhu, vundikirani mbale yaing'ono yagalasi n'kumatapo mtsukowo pamwamba ndi guluu wa Pratley wosakaniza machubu awiri, muusiye usiku wonse. Guluu wotentha wa m'kamfuti uja pa galasi sakhalitsa. Chapulasitiki chimatheka koma chikhale cholimba, chifukwa chikamabonyoka mukachigwira, zomatazo zimathetheka n'kuyoyoka.

Tsukani ndi sopo wa mbale, chotsani mapepala ndi zomata zonse, kenaka kwechani kunja konse ndi sandipepa ya nambala 120 mpaka kuwala kuja kuzime, galasi lichite mbuu. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti wapepo uja, ndipo kuchokera apo gwirirani m'kamwa mwa mtsuko, pakuti mafuta a m'zala okha amakwanira kukanganula penti pamalo pomwe mwagwira. Pakani guluu woyera wa matabwa, monga Alcolin kapena Ponal, wosungunula ndi madzi theka kwa theka, mudikire mphindi 20 kapena 30 kuti ayambe kunanda. Wofuna ntchito yokhalitsa kwambiri akulunge mtsukowo ndi bandeji yopyapyala ya mabala guluu akadali wonyowa, kuti Polyfilla ipeze ulusi wogwirapo.

Sakanizani Polyfilla ya ufa, ya m'kati mwa nyumba, pafupifupi makapu 2 a ufa pa kapu imodzi ya madzi, muonjezere masupuni aakulu 2 a guluu woyera uja. Ufa ndi umene umathiridwa m'madzi, osati madzi mu ufa, apo ayi mulimbana ndi mibulu. Ilimbe ngati chiponde: ikamayenderera pa supuni ndiye kuti yachuluka madzi, itsetsereka n'kukaunjikana kutsinde. Matani ndi zala mutavala magolovesi, kapena ndi khadi lakale la ku banki, osapyola mamilimita 2 kapena 3 pa ulendo umodzi. Yochindikala imauma kunja m'kati muli chinyezi, ndipo m'katimo mukamauma mumakhwinyata n'kung'amba khungu lakunja. Kuli bwino kumata kawiri mopyapyala, mosiyanitsa ndi maola 24. Pa ulendo wachiwiri, ikayamba kugwira, zungulizani mtsuko ndi dzanja limodzi kwinaku chala chonyowa chikukoka mizere yozungulira. Mizereyo isakhale yolingana, chifukwa mtsuko woumba pamanja sukhala wosalala mbali zonse, ndipo kusalingana kumeneko ndi komwe anthu akulipira m'masitolo muja.

Nyengo ya kuno ili ndi zake. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira June mpaka August mpweya umauma kwambiri pomwe usiku kumazizira mpaka chisanu kugwa. Masana Polyfilla imauma mothamanga n'kuchita ming'alu, choncho umitsani pamthunzi m'nyumba, kutali ndi hita ndi dzuwa la pawindo. Penti wamadzi naye sagwira bwino kukazizira kuchepera madigiri 10, ndiye pentani masana, osati usiku mukaweruka. Zotsala m'mbale musazitsukire mu sinki: zimakalimba m'paipi, mlandu ndi landilodi n'kuyambira pomwepo. Zisiyeni ziume, muzigogode n'kutaya m'bini.

Ikauma, kwechani pang'ono nsonga zobaya ndi sandipepa ya 220, muli panja ndipo mutavala masiki. Tsopano penti. Gulani wamadzi wosawala, wa makoma, kachitini kakang'ono ku Builders kapena ku Cashbuild ndi kokwanira mitsuko ingapo. Wamafuta ayi, salandira soda. Pa masupuni 4 a penti thirani supuni imodzi ya soda yemwe timathira mu therere; mukafuna kukhakhala kwambiri fikani pa masupuni 2, koma mukapyola apo penti amachepa mphamvu ndipo akauma amayoyoka ngakhale mwangomukhudza. Baking powder ndi wina: ali ndi asidi, amatupitsa penti n'kuchita thovu, ndipo khungu lake limatuluka lofewa. Sakanizani wongokwanira ulendo umodzi, chifukwa amalimbira m'kapu. Pakani ndi burashi yolimba mopingasa, motsata mizere ija, dikirani ola limodzi kapena awiri, mubwereze.

Mtundu umodzi wokha umaulula kuti ndi botolo lopenta. Tengani penti woderapo pang'ono, mum'sungunule ndi madzi, mudinde ndi siponji kukhosi, kutsinde ndi m'makwinya, n'kupukuta msanga ndi nsalu kuti atsalire m'maenje mokha. Penti akadali wonyowa pang'ono, tikitanipo dothi la katondo louma losefa pa sefa ya tiyi, kapena phulusa la makala ngati mukufuna mtundu wotuwa. Chenjezo lalikulu pano: mchenga wachikasu wa m'milu ya m'migodi, monga ija ya ku Riverlea ndi m'mbali mwa Soweto, umaoneka wokongola pa ntchitoyi, koma ndi zotsalira za migodi ya golide ndipo uli ndi uranium ndi zitsulo zina za poizoni. Usalowe m'nyumba mwanu, makamaka muli ana.

Tsekani ndi vanishi wamadzi wosawala, ulendo umodzi wopyapyala, pakatha maola 24. Wowala amaononga ntchito yonse. Popanda vanishi, dothi ndi soda zimadetsa tebulo, ndipo nsalu yonyowa imachotsa penti. Pansi matanipo kachidutswa ka nsalu yochindikala kuti mtsuko usakale thabwa.

M'kati mukadali galasi, choncho maluwa aawisi ndi madzi zimakhalamo bwinobwino, bola pomata muja musapyole sentimita imodzi kulowa m'kamwa, ndipo madzi muzithira ndi botolo la kukamwa kochepa kuti asayenderere kunja. Panja usakhale, mvula yamatalala ya October mpaka March sichedwa kuuononga. Mukaikamo nthambi zazitali, thirani timiyala kapena mchenga wa kumtsinje mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu kuti usagwe. Udzu wa pampas womwe umaoneka m'zithunzi za mitsukoyi uli m'gulu la zomera zoletsedwa kubzala ndi kugulitsa ku South Africa chifukwa umalanda malo a zomera zina. Ikanimo maluwa a protea ouma, ngala za mapira kapena nthambi za bulugamu zoumitsidwa chozondoka kwa masabata awiri.