Momwe mungayezere madzi pa akasupe otentha a Gwisho ku Lochinvar

Akasupe a Gwisho ali m'paki ya Lochinvar, kufupi ndi Monze ku Zambia, ndipo madzi ake amatumphuka akutentha madigiri 60 mpaka 90 a Celsius. Za chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife (nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire) komanso kuyenda ndi agemu sindichedwapo, koma musaziiwale.

Yambani ndi kutentha. Lowetsani thermometer ya chingwe chachitali pomwe madzi akutumphukira, osati m'ngalande momwe ayamba kuzirala. Lembani malowo pa GPS kuti ulendo wina mudzayeze pomwepo. Dothi la m'mphepete limatitimira, pondani mosamala.

Tsopano pH, muyezo wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi, pomwe panandigwetsa ulesi. Ndinagula kamita kotchipa kwa wamalonda wina wa pa Facebook yemwe analumbira kuti kamapirira madzi owira. Nditangokaviika, manambala anayamba kuvina, kenako zii. Timamita tambiri ta m'thumbati timalekezera pa madigiri 50 kapena 60, choncho werengani pabokosi, zonena wogulitsa zisiyeni. Kamita kabwino mtengo wake ndi wowawa, koma kugula kawiri kumawawa koposa.

Chochita n'chakuti, tungani madzi m'botolo mpaka pakamwa, tsekani msangamsanga, muliviike m'ndowa ya madzi ozizira mpaka atsike kufika pomwe mita ingathe. Mukawasiya poyera kuti azizire okha, mpweya wa carbon dioxide umathawa, pH n'kukwera, ndiye mwalemba bodza. Mitayo muiwongole m'mawa womwewo ndi madzi a buffer (madzi omwe pH yake ndi yodziwika kale) a pH 4, 7 ndi 10. Apanso chenjerani, ena amagulitsa timapaketi ta buffer totha ntchito atamata pepala pa deti. Ma buffer a ufa ndi otsikirapo mtengo, bola muwasungunule m'madzi a distilled (otchezedwa, opanda mchere), osati a pampopi.

Conductivity, momwe madzi amadutsitsira magetsi, yezani m'madzi oziziritsa omwewo. Nambala ikakwera musadabwe, madzi a Gwisho ali ndi mchere wambiri, makamaka sodium ndi sulphate.

Madzi opita ku labu, tengani mabotolo awiri, tsukuluzani lililonse katatu ndi madzi a pakasupe pomwepo, sefani ndi sefa ya 0.45 micron. Botolo loyezera zitsulo zosungunuka m'madzi lidonthezedwe nitric acid, linalo ayi. Onse alowe mu cooler box ya ayezi. Mabotolo a zakumwa amakhwinyata ndi kutentha, musawadalire.

Ngati mukufuna ayezenso tizilombo, botolo lina la madzi osasefa lifike ku labu maola 24 asanathe. Auzeni aonenso fluoride, malire a WHO pa madzi akumwa ndi 1.5 mg pa lita. Zina zonse n'kungolemba deti, nthawi ndi nyengo, n'kudzabwereza dzinja ndi chilimwe.